Fulashi, Chibowo cha Lenzi ndi Lenzi ya Wide: Mafunso a Ophunzira Kujambula ku Chongwe

Munthu wodziwa kugwira kamera sasowa ntchito m'boma la Chongwe. Loweruka silidutsa popanda ukwati kapena kitchen party kwinakwake, ku Chalimbana University kumakhala mwambo wa omaliza maphunziro, ndipo mvula ikayandikira Asoli amasonkhana pa Chakwela Makumbi. Mzinda wa Lusaka uli pafupi, makilomita ngati 45 pa msewu wa Great East, choncho achinyamata ambiri akagula kumeneko makamera amene ena anagwiritsapo kale ntchito. Kamera ali nayo, koma zithunzi zikutuluka nkhope zoyereratu kumbuyo kuli bii, kapena mkwatibwi akuoneka bwino pamene apongozi ali pambali pake sakuzindikirika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira amabwerezabwereza. Mayankho ake ambiri akubwerera pa nkhani ya mtunda: kuchokera pa inu kufika pa munthu, kuchokera pa munthu kufika pa zimene zili kumbuyo kwake, ndiponso kuchokera pa kuwala kufika pa nkhope.

Kamera yanga inabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Manambala oyamba ndi f aja amanena chiyani?

M'kati mwa lenzi muli timasamba tachitsulo topanga chibowo chimene chimakula ndi kuchepa. Kuwala konse kopanga chithunzi kumadutsa pamenepo. Ojambula amachitcha aperture, ndipo manambala a f amayeza chimenecho. Nambala ikakhala yaing'ono ndiye kuti chibowo nchachikulu, chifukwa nambalayo imapezeka pogawa utali wa lenzi ndi kukula kwa chibowo. Lenzi ya 50mm ikakhala pa f/2 chibowo chake ndi mamilimita 25, pa f/10 ndi mamilimita 5 okha.

Lowezani mndandanda uwu: 1.4, 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16. Mukachoka pa nambala ina kupita pa yotsatira, kuwala kolowa kumachepa ndi theka. Lenzi yanuyo mukaikokera pa 55mm siitseguka kuposa f/5.6, pamene lenzi yotseguka mpaka f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. Ndicho chifukwa chake m'tchalitchi cha mazenera ang'onoang'ono mnzanu wa f/1.8 akujambula bwinobwino inu zithunzi zikugwedera.

Ndimasirira zithunzi zimene munthu amaoneka bwino lomwe koma kumbuyo kwake kuli kwachimbuuzi. Amatani?

Chibowo chikakula, malo amene fokasi imagwira amachepa. Pa kamera za sensa yaing'ono, monga Nikon D3500 kapena Canon 2000D, lenzi ya 50mm pa f/1.8, munthu ataima mamita 2 kuchokera pa inu, malo ooneka bwino ndi masentimita ngati 11 basi. Mukayandikira kufika pa mita imodzi amatsala masentimita 3. Kuchokera pa mphuno kufika pa khutu ndi patali kuposa pamenepo. Motero musalole kamera kudzisankhira pogwira. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, mukaike pa diso limene lili pafupi ndi inu. Diso likaoneka bwino, anthu amachilandira chithunzicho ngakhale khutu litazilala.

Ngakhale ndi 18-55mm yomweyo mungathe kufikapo. Ikokereni pa 55mm, tsegulani pa f/5.6, yandikirani mpaka chithunzi chitenge kuyambira pachifuwa kukwera, ndipo chachikulu, mumchotse munthuyo pakhoma. Anthu athu ukangotulutsa kamera amathamangira kukatsamira khoma kapena mpanda wa maluwa. Auzeni mwaulemu kuti, “Mayi, tabwerani kuno pang'ono,” mpaka khomalo litsale mamita 5 kapena kuposa. Kumbuyo kumafewa kokha popanda kugula kanthu.

Komabe ndili ndi dandaulo pa fashoni imeneyi. Ena akangogula lenzi ya f/1.8 chilichonse amajambula pa f/1.8, ndipo chithunzi cha ku Kasisi sichisiyananso ndi cha ku Johannesburg. Agogo akakhala pakhonde la nyumba imene anamanga ndi njerwa zoumba okha, nkhokwe ili apo, mtengo wa mango uli apo, zimenezo ndi mbali ya iwowo. Adzukulu odzaona chithunzicho mtsogolo adzafuna kuona pakhomopo. Tsekani chibowo kufika pa f/5.6 kapena f/8 kuti mudzi uoneke.

Pa chithunzi cha gulu pa ukwati, a mzere wakutsogolo anaoneka bwino, akumbuyo ayi. Kamera yawonongeka?

Ili bwino. Munatsegula chibowo mopitirira. Gulu la mizere iwiri kapena itatu limafuna f/5.6 mpaka f/8, ndipo inu mubwerere m'mbuyo, chifukwa mukatalikira malo ogwidwa ndi fokasi amakula. Apanikizeni anthuwo kuti mizere iyandikane, ndipo a m'mphepete asakhotere kutsogolo. Kuwala kukachepa kwezani ISO kufika pa 800 kapena 1600. Chithunzi cha timadontho tamchengamchenga banja limachilandira, koma chimene amalume a mkwati sakuoneka nkhope chimabweretsa mlandu.

Ndiye ndigule 50mm f/1.8?

Ndi imodzi mwa malenzi otsika mtengo kwambiri, ndipo imaphunzitsa zambiri. Koma dziwani kuti pa sensa yaing'ono imaona mopanikiza, mofanana ndi 75mm kapena 80mm pa kamera za sensa yaikulu. Panja ndi yabwino, koma m'chipinda chochezera momwe amayi akuvina pa mwambo wa chilanga mulilo mudzagunda khoma musanakwanitse anthu atatu. Wa Nikon angachite bwino ndi 35mm f/1.8 DX. Wa Nikon yemweyo achenjere pogula yakale: 50mm f/1.8D siichita fokasi yokha pa makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo onse, chifukwa makamerawo alibe injini yoizungulitsa. Yoyenera ndi yolembedwa AF-S.

Usiku ndikayatsa fulashi, wapafupi amayereratu ndipo akumbuyo amamira mu mdima. Vuto ndi chiyani?

Amene anaothapo moto wa pamaliro mu Juni akudziwa: wapafupi miyendo ikupsa, wakumbuyo kwake akunjenjemera. Kuwala kwa fulashi kumachepa msanga chimodzimodzi. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kotsala ndi gawo limodzi mwa magawo 4. Ukawirikiza katatu, ndi limodzi mwa 9. Munthu wa pa mamita 2 ndi wa pa mamita 4 sangaoneke mofanana, kaya kamerayo ndi yodula chotani.

Mankhwala ake ndi kutalikitsa fulashi kwa onse. Ikakhala pa mamita 6 kuchokera pa mzere woyamba, wa kumbuyo uja ali pa mamita 8, ndipo akulandira kuwala kopitirira theka la kumene mnzake akulandira. Kusiyana kwachepa. Koma kuti muchite zimenezi fulashiyo ikhale ndi mphamvu, ndipo apa mpamene kafulashi kotumphuka pamwamba pa kamera kamalephera.

Mphamvu ya fulashi imalembedwa ndi nambala yotchedwa guide number. Mukaigawa ndi nambala ya f, mumapeza mamita amene kuwalako kungafike pa ISO 100. Kafulashi ka pakamera kamakhala ndi nambala ya pafupifupi 12 kapena kucheperapo, ndiye pa f/4 kamafika mamita 3. Mukakweza ISO kufika pa 400 mtundawo umawirikiza, mamita 6. Munthu amene waima kumbuyo kwa holo nkumathwanimitsa kafulashi kameneka poloza ku tebulo la akwati akungowalitsa mitu ya amene akhala patsogolo pake. Mafulashi ochita kuvekera, monga Godox TT600 kapena Yongnuo YN560, amalembedwa 60 kapena 58, ngakhale kuti nambalayo amaiyeza kuwala atakuunjika malo amodzi. Mukakumwaza kuti kukwane gulu, werengerani cha m'ma 30.

Amati ndiloze fulashi kudenga. Nanga tchalitchi chathu ndi cha malata opanda siling'i?

Choyamba timvetse chifukwa chake amatero. Kuwala kochokera pa kanthu kakang'ono kumapanga mithunzi yakuda yodukiza ndipo kumanyezimiritsa chipumi. Kochokera pa chinthu chachikulu kumakuta nkhope mofatsa. Mukaloza fulashi pa siling'i yoyera, siling'i yonseyo imasanduka nyali yaikulu. Malangizowa analembedwa ndi anthu a nyumba za siling'i yoyera ndi yotsika. Denga la malata lalitali, la dzimbiri ndi mitanda yakuda, limameza kuwala. Malata atsopano onyezimira amakubweza mwamawangamawanga.

Yang'anani khoma. Ngati pambali panu kapena kumbuyo kwanu pali khoma la laimu kapena la penti yoyera, tembenuzirani mutu wa fulashi kumeneko. Kuwala kobwerera cha m'mbali kumaumba nkhope bwino kuposa kochokera kudenga, kumene kumasiya mdima m'maso. Khoma la buluu kapena lobiriwira lipeweni, chifukwa utotowo udzatera pa nkhope ndi pa diresi la mkwatibwi. Pa ukwati wa mu tenti yoyera mwapeza mwayi, lozani m'mwamba ndi kumbuyo pang'ono basi.

Popanda khoma kapena tenti, pezani wokuthandizani. Agwire chipepala chachikulu choyera chija amalembapo aphunzitsi, aime pambali panu, inu mulozepo fulashi. Mukapeza ndalama gulani ambulera yoyera ya ojambula ndi kachipangizo koyatsira fulashi ili patali. Mnzanuyo aiimike cha m'mbali mwa munthu, pamwamba pa mutu pang'ono, mita imodzi ndi theka kuchokera pa nkhope. Kusintha kumene kumabwera pamenepo kumaposa kwa lenzi iliyonse imene mungagule.

Chimodzi chimene ndimachiona kawirikawiri pa maphwando a panja: wojambula waloza fulashi kumwamba, wavekapo kachipewa kapulasitiki, pamene pamwamba pake pali thambo lokha. Palibe chobweza kuwalako. Akungotha mabatire.

Nthawi zina theka la chithunzi limada bii ndikagwiritsa fulashi. Zimatani?

Shutter yathamanga kuposa malire. Patsogolo pa sensa pali makatani awiri, loyamba limatsegula, lachiwiri limatseka. Mpaka pa 1/200 ya sekondi, kapena 1/250 pa makamera ena, pamakhala kamphindi kamene sensa yonse ili poyera, ndipo fulashi imathwanima pamenepo. Mukapitirira, katani lachiwiri limayamba kutseka loyamba lisanamalize, ndiye kuthwanimako, kumene kumatenga 1/1000 ya sekondi kapena kucheperapo, kumapeza mbali ina yaphimbidwa kale. Bwererani pa 1/200 kapena kutsika. Mafulashi ena ali ndi HSS, imene imathwanima mobwerezabwereza kuti ilambalale malirewa, koma mphamvu imachepa kwambiri, ndipo makamera a Nikon a D3000 ndi D5000 aja sailola.

Masana dzuwa lili phwee, fulashi ndi yachiyani?

Pitani ku Chalimbana tsiku la omaliza maphunziro mukaone. Dzuwa lili paliwombo, chipewa chamakona anayi chija chaponya mthunzi pamaso, gauni ndi yakuda. Chithunzi chimatuluka mano okha. Fulashi ya masana ntchito yake ndi kudzaza mthunzi umenewo. Ikani kamera pa M, ISO 100, shutter 1/200, chibowo f/11. Manambala amenewa ndi oyenera dzuwa lathu la masana. Kenako yatsani fulashi ndi kuichepetsa mpaka isadziwike kuti yayaka, maso angooneka ndi kakuwala pang'ono. Pa f/11 kafulashi ka pakamera kamathandiza pa mita imodzi ndi theka yokha, yovekera imafika mamita 3 kapena 4.

Apa mpamene chibowo chachikulu ndi fulashi zimakanganirana. Pa dzuwa lomwelo f/1.8 imafuna shutter ya pafupifupi 1/8000, pamene makamera ambiri a ongoyamba amathera pa 1/4000 ndipo fulashi ikufuna 1/200. Njira yogula ndi galasi lodetsa lotchedwa ND lovekera kutsogolo kwa lenzi. Njira yaulere ndi kumutengera munthuyo pamthunzi. Muimikeni m'mphepete mwa mthunzi wa nyumba kapena wa mtengo wothithikana, ayang'ane kumene kuli kowala. Onetsetsani kuti timadontho ta dzuwa todutsa m'masamba sitikugwera pankhope.

Mkwati ndi wakuda kwambiri, mkwatibwi wavala zoyera. Wina amaoneka, wina ayi. Nditani?

Funso ili ndi lathu, ndipo mabuku ambiri a kujambula amalidumpha. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu. Makina ankawachuna kuti khungu limenelo lituluke bwino, ndipo makadi okhala ndi anthu a khungu losiyanasiyana anabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale mu 2021 kampani ya Google potulutsa foni ya Pixel 6 inkalengeza ngati chinthu chatsopano kuti kamera yake ikuonetsa bwino khungu lakuda. Choncho wojambula wa kuno asayembekeze kuti Auto imuganizira.

Kamera ikaona diresi loyera lalikulu imayesa kuti kwawala mopitirira, ndiye imadetsa chithunzi chonse, nkhope nkumira. Pezani batani la +/- muwonjezere +0.7 kapena +1, kenako yang'anani ngati maluwa osokedwa pa diresi akuonekabe. Mkwati aime mbali imene kuwala kukuchokera, mkwatibwi akhale kutaliko pang'ono, kuti kuchepa kwa kuwala kuja kukugwirireni ntchito. Ngati kamera ikulola, jambulani mu RAW, chifukwa mudzatha kukweza mithunzi pa kompyuta popanda kuwononga diresi.

Khungu lakuda limaoneka kukongola kwake ndi mmene limanyezimira, pa tsaya, pa mphuno, pa chipumi. Fulashi yolunjika imasandutsa kunyezimirako kukhala kadontho koyera kothobwa m'maso, makamaka munthu akadzola mafuta ndipo kukutentha. Kuwala kwakukulu kochokera m'mbali kumakutambasula kukhala kofewa. Yendani ndi tishu, ndipo musachite manyazi kupempha mkwati kuti apukute thukuta. Pokonza pa kompyuta, kwezani kuwala koma musasinthe mtundu wa munthu. Kuyeretsa nkhope mpaka mayi ake omubala akayikire si luso, ndipo kumaphunzitsa ana athu kuti khungu lawo ndi cholakwika chofunika kukonza.

Magetsi azima, phwando likupitirira ndi jenereta ndi mababu awiri. Ndijambule bwanji ovina?

Chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi ku Kariba, magetsi nkumazimazima, ojambula ambiri a mu Zambia anaphunzira funso limeneli mokakamizidwa. Pa Auto kamera imasankha 1/60 ndi ISO yotsika, ndiye mumapeza munthu wowala ali mu mdima wa bii, osadziwika kuti anali pa phwando. Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: shutter imalamulira kuwala kwa pamalopo kokha, mphamvu ya fulashi imalamulira munthu amene ali pafupi, pamene chibowo ndi ISO zimakhudza zonse ziwiri.

Yambani fulashi ili yozima. Pa M ikani 1/30, f/2.8 kapena f/3.5, ISO 1600, ndipo jambulani mpaka mababu, matebulo ndi anthu akumbuyo aoneke mwa mdima pang'ono. Kenako yatsani fulashi pa mphamvu yochepa, monga 1/16 kapena 1/32. Kuthwanima kwake nkwachangu moti kumaimitsa wovina, pamene shutter yochedwayo ikutola kuwala kwa kumbuyo. Chitenje chikasiya kamzere pozungulira, chisiyeni, ndiko kuvinako. Kamera ikamalephera kugwira fokasi, mnzanu aunike ndi tochi ya foni kwa kamphindi. Mukaona mizere yopingasa pa chithunzi pansi pa mababu a LED kapena machubu, yesani 1/50 kapena 1/100, chifukwa magetsi a kuno amaphethira motsatira 50 Hz.

Amene akufuna kuona pamene fulashi wamba ingafike afufuze zithunzi za Malick Sidibé wa ku Mali. M'zaka za m'ma 1960 ankayenda ndi kamera ndi fulashi m'madansi a achinyamata ku Bamako. Chithunzi chake cha 1963 chotchedwa Nuit de Noël chikuonetsa mnyamata ndi mtsikana akuvina mitu itatsala pang'ono kugundana, mtsikanayo alibe nsapato. Kuwala kwake nkolunjika, kopanda ambulera. Chimene chinagwira ntchito nchakuti ovinawo ankamudziwa ndipo anamulola kuyandikira. Mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse.

Lenzi ya wide ndi iti, ndipo bwanji imakulitsa anthu mphuno?

Muli nayo kale. Pa 18mm lenzi yanu imaona madigiri ngati 65 kuchokera kumanzere kufika kumanja, pamene 50mm imaona ngati 26. Malenzi ngati Canon 10-18mm kapena Tokina 11-16mm amafika m'ma 90.

Chokulitsa mphuno si galasi ayi, ndi kuyandikira. Pa wide munthu amaoneka wamng'ono, ndiye mumasendera kuti nkhope idzaze chithunzi. Mukaima masentimita 40 kuchokera pa mphuno, makutu ali pa masentimita ngati 52, kutali ndithu poyerekeza, ndiye mphuno imakula makutu nkuchepa. Pa mamita 2 kusiyanako sikuonekanso. Nkhope ya munthu ijambuleni muli patali ndi lenzi yaitali.

Vuto lachiwiri lili m'mphepete. Wide imakoka chilichonse cha kumapeto kwa chithunzi, moti azakhali amene aima kumapeto kwa mzere amatuluka onenepa kuposa mmene alili, ndipo sadzakukhululukirani. Siyani mpata mbali zonse ziwiri, anthu akhale chapakati. Gwirani kamera mowongoka, cha pachifuwa. Mukaiweramutsa, makoma a tchalitchi amapendekera m'kati. Mukaizolikitsa, mitu imakula miyendo nkufupika.

Mukaphatikiza wide ndi kafulashi ka pakamera, chotsani chipewa cha lenzi, apo ayi chidzaponya mthunzi wozungulira m'munsi mwa chithunzi. Fulashi yovekera ili ndi kagalasi kosololoka pamutu pake kamene kamamwaza kuwala kuti m'makona musade.

Ndinajambula mapiri a kum'mawa, njira ya ku Rufunsa, pa 18mm. Ndi maso anali okongola, pa chithunzi ndi kamzere chabe. Bwanji?

Wide imakankhira kutali zimene zili kale kutali. Imafuna chinthu chapafupi chogwira diso: ngolo ya ng'ombe, mulu wa chimanga chokolola, thumba la makala m'mbali mwa msewu, mayi akupeta. Yandikirani chinthucho mpaka mita imodzi, gwadani, tsekani pa f/8 kapena f/11, ndipo mapiriwo akhale kumbuyo kwake. Ngati mapiri enieniwo ndiwo mukufuna, kokerani pa 55mm. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimaphimba mapiri. Mvula ikagwa mpweya umayera, ndipo m'mamawa kapena dzuwa litapendeka ndi pamene zitunda zimaoneka mizere yake.

Ndikufuna kukajambula pa Chakwela Makumbi. Nditenge chiyani?

Musanaganize za lenzi, kaonaneni ndi okonza mwambo akuuzeni poima ndi zimene siziloledwa kujambula. Uwu ndi mwambo wopempha mvula, umene Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II imatsogolera anthu ake kupemphera, kutentha munda ndi kubzala mbewu zoyamba. Wojambula amene waimirira pakati pa Amfumu ndi anthu atakhala pansi, nkumathwanimitsa fulashi, walakwira onse awiri. Fulashi izimeni. Kuwala kulipo kokwanira, ndipo pa mtunda umene mudzakhale singafike nkomwe. Nkhope za akuluakulu zitengeni ndi lenzi yaitali, monga 55-200mm, mutagwada kapena mutakhala. Wide isungireni khamu ndi magule, pamene mwaloledwa kuyandikira: tsikani pansi, mapazi ndi fumbi zikhale pafupi, shutter pa 1/500 kapena kuposa. Pabwalo musasinthe lenzi, fumbi lidzalowa pa sensa. Sankhani imodzi, ndipo mukafuna kusintha kalowani m'galimoto.

Popeza bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli, ndikumbutse kuti malo a chitetezo ndi a asilikali salozedwa kamera popanda chilolezo.

Ine ndili ndi foni chabe. Zimenezi zikundikhudza?

Kwambiri. Kamera yaikulu ya foni ndi wide kale, yofanana ndi 24mm mpaka 26mm pa sensa yaikulu, ndiye zonse za mphuno ndi za m'mphepete ndi zanu. Ana akamakuwa kuti “Tikopeniko!” nkuunjikana pa foni, bwererani m'mbuyo masitepe awiri. Pojambula munthu mmodzi dinani 2x ndipo mutalikire. Batani la 0.5x ndi la zipinda zopanikiza ndi malo, osati nkhope.

Foni imalembedwa f/1.8, koma lenzi yake yeniyeni ndi ya mamilimita 4 mpaka 6, choncho pafupifupi chilichonse chimagwidwa ndi fokasi. Chimbuuzi cha Portrait chimapangidwa ndi pulogalamu, ndipo chimalakwitsa pa tsitsi loluka, pa velo ndi pa mpata wa pakati pa mkono ndi thupi. Yang'anani malo amenewo musanatumize. Fulashi ya foni ndi katochi chabe, siingaimitse wovina. Usiku izimeni, mnzanu aunike cha m'mbali ndi foni yake ataphimba tochiyo ndi pepala loyera. Ndipo pukutani galasi la kamera, chifukwa foni yokhala m'thumba ndi m'manja tsiku lonse imakhala ndi mafuta amene amachititsa mababu kutuluka ndi michira.

Pogula fulashi yoyamba ndiyang'ane chiyani?

Mutu wake uzitha kuweramuka ndi kutembenukira kumbuyo, apo ayi zonse za khoma ndi tenti zija sizitheka. Ya TTL imadziyezera yokha mphamvu ndipo imathandiza pamene zinthu zikuthamanga, koma iyenera kukhala yopangidwira mtundu wa kamera yanu. Yochuna pamanja ndi yotsika mtengo ndipo imakuphunzitsani mtunda msanga: ikani munthu pa mamita 2, jambulani pa mphamvu ya 1/4, 1/8 ndi 1/16, musunthireni pa mamita 4, bwerezani, kenako yerekezani zithunzizo.

Tengani kamera yanu popita kogula ndipo muiyese musanalipire. Makamera ena a Canon, monga 4000D ndi 250D, alibe kachitsulo kapakati pamalo ovekera fulashi, moti mafulashi ambiri ochuna pamanja sayaka pa iwo. Tsegulani motsekera mabatire muone ngati mulibe zoyera zotsalira za batire lophulika. Ithwanimitseni pa mphamvu yonse ndipo muwerenge masekondi mpaka kagetsi kosonyeza kuti yakonzeka kayakenso. Ndi mabatire abwino isapitirire 5 kapena 6.

Mafulashi amenewa amadya mabatire 4 a AA. Otsika mtengo a pa kantemba amafooka ukwati usanafike pakati. Gulani ochajidwa a NiMH, magulu awiri kapena atatu, ndipo muwachaje dzulo lake magetsi akadalipo. Mukamaliza ntchito achotseni. Fulashi ikawonongeka musaitsegule nokha, chifukwa m'kati mwake muli kachipangizo kosunga magetsi a mavoti ngati 300 ngakhale mabatire atachotsedwa. M'nyengo ya mvula musasiye malenzi m'chikwama chotseka kwa milungu, nkhungu imamera pa galasi m'kati ndipo kuichotsa kumafuna mmisiri. Asungeni pouma, podutsa mpweya, pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato.